Mbiri ya mudzi wa Bywater

Bywater ndi kamudzi ka m'nthano za J.R.R. Tolkien, m'dziko la Shire, kwawo kwa anthu afupiafupi otchedwa ahobbit. Kali m'mphepete mwa dziwe, pamalo pamene mtsinje wa The Water umatambalala ukachoka ku Hobbiton. Ahobbit anafika m'derali m'chaka cha 1601 cha Nyengo Yachitatu, motsogozedwa ndi abale awiri, Marcho ndi Blanco, atapatsidwa malo ndi mfumu Argeleb II. Kalendala ya Shire imayambira chaka chimenecho.

Kwa zaka mazana ambiri mudziwu unkadziwika ndi ulimi komanso nyumba yomwera mowa ya Green Dragon, komwe anthu ankacheza madzulo. Pamenepa ndi pomwe hobbit wotchedwa Bilbo anapeza gulu lotsogozedwa ndi Thorin likumudikira kuti anyamuke ulendo, m'buku la The Hobbit la mu 1937.

Mtendere unasokonekera hobbit wina, Lotho Sackville-Baggins, atalanda ulamuliro n'kubweretsa zigawenga za mfiti yotchedwa Saruman. Mitengo ya m'mbali mwa msewu inagwetsedwa, nyumba zomwera mowa zinatsekedwa, ndipo zokolola zinkalandidwa ponamizira kugawa. Choipitsitsa chinachitikira mtsinje. Chigayo chakale cha ku Hobbiton chinagumulidwa, m'malo mwake anamanga china chachikulu chofuka utsi, chimene chinkathira zonyansa m'madzi otsikira ku Bywater. Kwa anthu okhalira dziwe, kuipitsa madzi kunali kuwalanda mudzi womwe.

Pa 2 Novembala 1419 m'kalendala ya Shire, anthu anadzuka. Mlimi Cotton anasonkhanitsa a m'mudzi, ndipo tsiku lotsatira hobbit wina, Pippin, anabwera ndi a banja la Took, mnzake Merry n'kukonza msampha: anatseka msewu ndi ngolo kutsogolo ndi kumbuyo, pamalo pamene msewuwo unadutsa pakati pa zitunda ziwiri. Zigawenga pafupifupi 70 zinaphedwa, ahobbit anafa 19. Iyi inali nkhondo yachiwiri komanso yomaliza kumenyedwa m'dziko la Shire. Yoyamba inali ya ku Greenfields mu 1147. Nkhondo ya ku Bywater itatha, mnzawo Sam Gamgee anabzalanso mitengo pogwiritsa ntchito dothi lomwe anapatsidwa ndi mayi wotchedwa Galadriel.

Chisoni cha nkhaniyi sichongopeka. Tolkien ali mwana, kuyambira 1896 mpaka 1900, anakhala ku Sarehole, mudzi wa chigayo choyendera madzi pa mtsinje wa Cole. Mudziwu pambuyo pake unamezedwa ndi mzinda wa Birmingham. Chigayo cha Sarehole chinapulumuka, ndipo lero ndi nyumba yosungiramo zakale.