Zimene mayina a kumwera kwa dziko amabisa

Makampani ogulitsa maulendo a ku Antarctica amakonda kunyengerera anthu ndi mawu atatu a Chingerezi: luxury expedition cruise. Munthu amene wasolola madola ake, kawirikawiri opitirira 10,000, amalonjezedwa chipinda chofunda, chakudya cha pamwamba, ndi dziko loyera mbuu limene akuti silinakhudzidwepo ndi munthu. Koma mawu atatuwa, pamodzi ndi mayina a malo amene sitima imadutsa, ukawafukula mizu amasimba nkhani ina yosiyana ndi ya pa chikalata chotsatsira malonda.

Liwu loti cruise Angerezi analitenga kwa Adatchi, amene ankati kruisen, kutanthauza kudutsa mopingasa, kuchokera ku kruis, mtanda. M'zaka za m'ma 1600 linkanena za sitima zankhondo zimene zinkapita uku ndi uku panyanja kusakasaka adani. Expedition ndi la Chilatini: ex ndi kunja, pes ndi phazi, choncho expedire kunali kuwonjola phazi pamene lakodwa. Aroma ankati expeditio ponena za asilikali amene anyamuka kupita kunkhondo. Nalo luxury likuchokera ku luxus, kupyola muyeso, ndipo m'Chingerezi chakale linkatanthauza chilakolako chonyansa, chimodzi mwa machimo akuluakulu amene ansembe ankadzudzula. Mawu awiri ndi ankhondo, lachitatu ndi la tchimo, koma lero onse atatu akugulitsa mpumulo.

Maulendo ambiri amayambira pa doko la Ushuaia, kumapeto kwenikweni kwa Argentina, pakati pa Novembala ndi Malichi pamene kumeneko kuli chilimwe. Dzinali si la Chisipanishi. Ndi la chinenero cha Ayaghan, ndipo limanena za gombe limene nyanja inalowa mkati kwambiri. Anthu amenewa ankayenda m'mabwato a makungwa, moto ukuyaka pa dothi pakati pa bwato kuti asafe ndi chisanu. Moto wa anthu a m'dera limeneli ndi umene Ferdinand Magellan anauona usiku mu 1520, ndipo mpaka lero zilumbazo zimatchedwa Tierra del Fuego, dziko la moto. Mmishonale Thomas Bridges anasonkhanitsa mawu a Chiyaghan pafupifupi 30,000 m'buku lotanthauzira mawu. Ambiri mwa eni akewo anatha ndi chikuku ndi matenda ena obwera ndi alendo, komanso njala, poti nyama za m'nyanja zimene ankadya zinali zitasakidwa mopyola. Mayi Cristina Calderón, munthu womaliza amene anayamwira chinenerochi, anamwalira ku Chile mu 2022. Choncho liwu loyamba pa tikiti ya mlendo ndi la anthu amene chinenero chawo chatsala m'mabuku.

Sitima ikachoka pa Ushuaia n'kutuluka mu Beagle Channel imalowa mu Drake Passage, nyanja ya makilomita pafupifupi 800 imene imatenga masiku awiri kuwoloka. Apa madzi amazungulira dziko lonse popanda mtunda wowatchinga, ndiye mafunde amakula mmene akufunira. Ogwira ntchito m'sitima amati munthu amapeza Drake Lake, kukakhala bata, kapena Drake Shake, pamene mbale zimatsetsereka patebulo ndipo alendo amagona ndi mseru. Francis Drake mwini dzina anangokankhidwira chakumeneko ndi namondwe mu 1578. Kwa Angerezi anali ngwazi, kwa Asipanishi anali chigawenga cha panyanja, ndipo olankhula Chisipanishi ambiri nyanjayi amaitchula Mar de Hoces, pokumbukira mnzawo Francisco de Hoces. Nsonga ya mtunda imene ili chakumpoto kwake, Cape Horn, inatchulidwa mu 1616 ndi amalinyero achidatchi polemekeza mzinda wa kwawo wa Hoorn. Khutu la Mngerezi linamvamo nyanga, la Msipanishi linamvamo hornos, mauvuni, ndipo iwo amati Cabo de Hornos. Palibe nyanga, palibe uvuni. Aliyense anangokokera liwu ku lilime lake.

Dzina la Antarctica lili ndi nyama mkati mwake. Agiriki ankatcha chimbalangondo arktos, ndipo ankatchulanso choncho gulu la nyenyezi za kumpoto zimene ankati zikufanana nacho. Dera la pansi pa nyenyezizo linakhala arktikos, ndipo la mbali inayo antarktikos, loyang'anana ndi chimbalangondo. Mwamwayi chabe dzinali linagwirizana ndi chilengedwe, chifukwa zimbalangondo zoyera zili kumpoto kokha. Ife mbali imeneyi ya dziko tinaitchula ndi mphepo: kumwera ndi kumene kumachokera mwera, uja amavundula nyanja ya Malawi m'miyezi yozizira, monganso kumpoto ndi kwa mphepo ya mpoto. Mgiriki anayang'ana kumwamba, ife tinamva pakhungu. Liwu la Chigirikilo linalipo zaka mazanamazana munthu asanaone mtundawo, umene gulu la ku Russia la Fabian von Bellingshausen linauona mu 1820. Antarctica ndi chigawo chokhacho cha dziko lapansi chimene chinalibe eni nthaka. Dzina lililonse kumeneko analipereka ndi wobwera, ndipo wobwera amatchula malo malinga ndi chimene wadzera.

Chimene mlendo wa lero wadzera ndi madzi oundana. Glacier likuchokera ku glace, liwu la Chifalansa la madzi oundana, ndipo limanena za chipale chimene chakhala chikusanjikizana kwa zaka zikwizikwi mpaka kulimba n'kumatsetsereka pang'onopang'ono kupita kunyanja. Chikafika pamadzi, chigamphu chimathyoka n'kugwa ndi mkokomo. Angerezi amati calving, liwu lonena za ng'ombe imene ikubala mwana, ndipo pano Chichewa chimagwirizana nawo mosayembekezeka, poti ifenso kuswa timanena za chinthu chophwanyika komanso za ng'ombe imene yaswa. Chigamphucho ndiye iceberg, kuchokera ku ijsberg ya Adatchi, phiri la madzi oundana, limene mbali yake yaikulu, pafupifupi magawo 9 mwa 10, imabisala pansi pa madzi. Tizidutswa ting'onoting'ono amalinyero amati growler, chobangula, chifukwa cha phokoso lake pamene mafunde akukakankha.

Kuti aone zimenezi pafupi, alendo amatsika m'sitima n'kukwera timabwato ta mphira totchedwa Zodiac, dzina la kampani ya ku France. Woyendetsa akazimitsa injini, madzi onse amamveka kuthetheka, poti timpweya timene tinatsekeredwa m'chipale kalekale tikutuluka pamene chikusungunuka. M'ming'alu ya phirilo mumaoneka mtundu wobiriwira ngati thambo. Woyendetsa wodziwa ntchito sayandikira kwambiri khoma la glacier, chifukwa likaswa, funde lake likhoza kugubuduza bwato.

Mbalame imene aliyense amafuna kujambula inalandira dzina la mwini wake amene anafa. Penguin poyamba inali mbalame ya kumpoto kwa nyanja ya Atlantic, yakuda kumsana, yoyera pamimba, yosauluka, imene masiku ano amaitcha great auk. Ena amati liwuli ndi la Chiwelshi, pen gwyn, mutu woyera. Ena amati ndi la Chilatini, pinguis, chonenepa. Amalinyero atafika kumwera n'kupeza mbalame zofanana nayo, anazipatsa dzina lomwelo ngakhale si pachibale. Mwini dzinayo anasakidwa chifukwa cha nyama, mafuta ndi nthenga mpaka ziwiri zomaliza zodziwika zinaphedwa pa chilumba cha Eldey ku Iceland mu 1844. Pamalo amene ma penguin amaswanirana, fungo limakupeza usanatsike m'bwato, ndipo chipale chimakhala chofiirira ndi zitosi. Mtunduwo umachokera ku chakudya chawo, tinyama tonga nkhanu totchedwa krill, liwu la Chinorwe lonena za tiana ta nsomba. N'chifukwa chiyani liwu la ku Norway lili kumwera kotere? Yankho lili pa chilumba cha South Georgia.

Sitima zapamwamba zambiri zimaima pa Grytviken. Dzinali ndi la Chiswidishi, gombe la miphika. Gulu la ofufuza a ku Sweden linatchula malowa mu 1902 litapeza miphika ikuluikulu yachitsulo imene alenje akale ankasungunuliramo mafuta a nyama zotchedwa seal. Alenjewo anabwera atamva zimene James Cook ananena atafika pachilumbachi mu 1775, kuti nyamazi zinali zosawerengeka, ndipo patapita zaka makumi ochepa zinatsala pang'ono kutheratu. Mu 1904 Carl Anton Larsen wa ku Norway anamanga pomwepo fakitale yophera anamgumi. Pofika m'ma 1960, pamene ntchitoyi inkatsekedwa, anamgumi oposa 175,000 anali atakokeredwa m'mafakitale a pa South Georgia kuti mafuta awo akapange sopo, majarini ndi zida zophulika. Ngakhale dzina la mtundu wina wa namgumi, right whale, ambiri amati limatanthauza woyenera kuphedwa, poti amasambira pang'onopang'ono ndipo akafa amayandama. Ku Antarctica kwenikweniko, Neko Harbour ndi dzina la sitima yosungunula mafuta a anamgumi, ndipo gombe la pa Deception Island limangotchedwa Whalers Bay. Lero alendo amayenda pakati pa matanki adzimbiri a Grytviken, ma seal atagona pamthunzi pake, n'kukathira kachasu wa whisky pamanda a Ernest Shackleton amene anamwalirira pamenepo mu 1922. Malo amene mayina ake ndi a miphika ndi asaki sangatchedwe osakhudzidwa. Ndi malo amene anavulazidwa ndipo akuchira.

Kuchirako kwabwera ndi malamulo. Pangano la Antarctica linasainidwa ku Washington mu 1959 ndi mayiko 12, kuphatikizapo South Africa, ndipo linapatula chigawochi kuti chikhale cha mtendere ndi kafukufuku. Makampani a maulendo anakhazikitsa bungwe lawo la IAATO mu 1991. Pamalo amodzi sapatsika anthu oposa 100 nthawi imodzi, sitima yonyamula anthu oposa 500 siitsitsa aliyense, ndipo munthu sayandikira nyama kupyola mamita 5. Asanatsike, alendo amakwecha majombo ndi mankhwala n'kuyeretsa matumba a majekete kuti pasapite kambewu kachilendo. Poopa chimfine cha mbalame, chimene chinafika ku South Georgia mu 2023, kukhala pansi, kugwada ndi kuika chikwama pansi zinaletsedwa. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, ndipo malamulowa akufuna zomwezo, kuti munthu adutse osasiya chizindikiro.

Vuto ndi kuchuluka. Lars-Eric Lindblad anatenga kagulu koyamba ka alendo mu 1966; m'nyengo ya 2022 mpaka 2023 chiwerengero chinapitirira 100,000. Ambiri mwa iwo amakwera ndege maola ambiri asanafike pa doko, ndipo utsi wa ndege ndi wa sitima ukuwonjezera kutentha kumene kukusungunula zomwe adzera kudzaona. Pafupi ndi njira zomwezo, sitima zina zikukokola krill kuti apange chakudya cha nsomba zoweta ndi mafuta ogulitsa m'mabotolo.

Makampani amayankha ndi liwu lina: amati wobwerako ku Antarctica amakhala ambassador, kazembe wa chigawocho kwawo. Liwuli likuchokera ku ambactus, limene Aroma analitenga kwa anthu a ku Gaul, ndipo tanthauzo lake linali wantchito, munthu wotumidwa. Kazembe weniweni amabwerera ndi uthenga ndipo amaugwirira ntchito. Ngati alendo 100,000 pachaka akufuna dzina limeneli, ntchito ilipo: kufunsa maboma awo kuti krill azikokoledwa wochuluka bwanji, kuti sitima zizichuluka mpaka pati, ndiponso kuti madera a m'nyanja amene akatswiri akupempha kuti atetezedwe adzatetezedwa liti.