SQL: Chiyankhulo chimodzi chimene nkhokwe za pakompyuta zimachiyankhula mosiyana

Munthu akafunsa ndalama zimene zatsala mu akaunti yake kubanki, funsolo limakafika ku nkhokwe ya pakompyuta yosunga zambiri za makasitomala, imene akatswiri amaitcha database. Nkhokwe zambiri zotere zimafunsidwa m'chiyankhulo cha SQL.

Chiyambi chake

Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce a kampani ya IBM ndi amene anayambitsa chiyankhulochi m'chaka cha 1974, pachiyambi pansi pa dzina la SEQUEL. Iwo anatsamira pa maganizo amene Edgar Codd anafalitsa mu 1970, osunga chidziwitso m'matebulo. Bungwe la ANSI la ku America linakhazikitsa muyezo wa SQL mu 1986, ndipo bungwe la ISO linauvomereza mu 1987. Muyezowu, wotchedwa ISO/IEC 9075, wakhala ukukonzedwanso, monga mu 1992, 1999, 2016 ndi 2023.

Kodi onse amautsatira?

Amautsatira mwa apo ndi apo. Opanga PostgreSQL amati pulogalamu yawo imakwaniritsa mfundo zosachepera 170 mwa mfundo 177 zokakamiza za muyezo wa 2023. Bungwe la boma la America la NIST linasiya kuyesa mapulogalamuwa mu 1996, choncho kampani iliyonse imadzichitira yokha umboni.

Kusiyanaku kumaoneka ngakhale pa zazing'ono. Pofuna mizere 10 yoyambirira, muyezo umati alembe FETCH FIRST, koma MySQL imamva LIMIT, pamene ogwiritsa ntchito SQL Server anazolowera TOP. Banki kapena boma likafuna kusintha nkhokwe, limayenera kulembanso mafunso ambiri, ndipo mtengo wake umachititsa ena kukhalabe ndi kampani yakale.

Zimene anachita ku Doha

Ku Doha, likulu la Qatar, kuli bungwe lofufuza la Qatar Computing Research Institute, limene linakhazikitsidwa mu 2010 ndipo lili pansi pa Hamad Bin Khalifa University. M'malo modikira kuti nkhokwe zonse zifanane, akatswiri akumeneko anapanga pulogalamu ya Rheem. Munthu amalemba ntchito yake kamodzi, ndipo Rheem imasankha yokha koigwirira, kaya ndi pa PostgreSQL, Spark kapena Flink, poona kumene ingathe msanga. Mu 2020 pulogalamuyi inalandiridwa ndi bungwe la Apache Software Foundation, kumene ikudziwika ndi dzina la Apache Wayang, ndipo aliyense akhoza kuigwiritsa ntchito mwaulere.