Kupopa

Kupopa ndi kukankha mphepo kapena madzi mobwerezabwereza. Timapopa tayala la njinga, mlimi amapopa mankhwala m'munda. Koma dalaivala akati "galimotoyi imafuna kupopa", akunena za matenda: buleki yafewa ngati siponji, ndipo imagwira pokhapokha waponda kawiri kapena katatu.

Kawirikawiri m'mapaipi mumakhala mutalowa mphepo. Mafuta a mabuleki safinyika koma mphepo imafinyika, choncho mphamvu ya phazi imathera panjira. Pagalimoto yakale mapaipi arabala amathanso kufufuma, ndipo mafuta okhalitsa amamwa chinyontho.

Kugalaja, pochotsa mphepo m'mapaipi, mawuwa amamveka mwanjira ina. Wina amakhala pampando, makaniko ali kutayala. "Popani! Gwirani!" Makanikoyo amamasula kanipulo kotulutsira mphepo pang'ono, mafuta athovu n'kutuluka, n'kumanganso winayo asanachotse phazi. Nthawi zambiri amayambira tayala lakutali ndi master cylinder (pampu ya mabuleki), uku akuthirira mafuta a DOT 3 kapena DOT 4 kuti kabotolo kosungira mafuta kasaume.

Mukaponda n'kugwira, koma phazi likumirabe pang'onopang'ono, ndiye kuti marabala a master cylinder atha kapena penapake pakudontha. Kupopa sikungachize zimenezo. Musalowe nayo mumsewu galimoto yotere.