Kompyuta yakale isasiye kulankhula

Munthu woona akakatenga kompyuta kwa wokonza amaiyesa ndi maso: yayaka, zithunzi zaoneka, amalipira n'kumapita. Wosaona amafunsa chimodzi chokha: kodi ikulankhula? Ikayaka koma n'kukhala duu, kwa iye ndi yakufa. Nkhaniyi yakula chifukwa pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inathetsa chisamaliro chanthawi zonse cha Windows 10, pomwe makompyuta ambiri ofika ku Tsangano ndi ku Furancungo, likulu la boma la Macanga, ku Mozambique, ndi ogwirapo kale ntchito kwina. Aliyense wofuna kukweza makina otere, kaya ndi wokonza wapamsika, mphunzitsi kapena mbale, pali mawu amene ayenera kuwamvetsa asanayambe.

Oyamba ndi akuti pulogalamu yowerenga sikirini. Imeneyi imatsata paliponse pamene munthu wafika ndi kiyibodi n'kumamuuza mokweza dzina la batani, mutu wa kalata kapena chilembo chimene wangolemba. Wosaona safuna mausi. Amayenda ndi Tab, mivi ndi Enter. Yodziwika kwambiri kwa anthu a ndalama zochepa ndi NVDA, yaulere, imene Michael Curran wa ku Australia anaiyamba mu 2006 n'kuikuza limodzi ndi James Teh, onse awiri osaona. JAWS, imene inafika pa Windows mu 1995, ndi yogula ndipo mtengo wake ngwokwera. Narrator imabwera kale m'kati mwa Windows.

Liwu limene munthu amamva ndi chinthu china, chapadera. Pulogalamu yowerenga imasonkhanitsa zolembedwa, koma kuzitchula ndi ntchito ya chopangira mawu, monga eSpeak imene imabwera ndi NVDA, kapena mawu a Microsoft ngati Helia wa Chipwitikizi. Apa ndi pamene anthu a kumalire amavutikira. Kalata ya ku ofesi ya boma imabwera m'Chipwitikizi, uthenga wa mlamu wa ku Ntcheu m'Chichewa. Liwu la Chipwitikizi likakumana ndi chimanga limati shimanga, ndipo ng'ombe limaiphotchola. La Chiswahili, limene lili mu eSpeak, limayandikirako chifukwa mavawelo ake ndi asanu ngati athu. Choncho pokweza kompyuta, mawu onse amene mwini wake anazolowera abwezeretsedwe, pamodzi ndi liwiro lake, pakuti ambiri amamvetsera mothamanga kwambiri moti mlendo satolapo kanthu.

Kutha kwa chisamaliro sikutanthauza kuti kompyuta izima tsiku lomwelo. Imayakabe, koma mabowo olowera mavairasi satsekedwanso, ndipo mapulogalamu amaisiya mmodzimmodzi. Windows XP inasiyidwa mu Epulo 2014, Windows 7 mu Januwale 2020. Chrome inalekera Windows 7 pa mtundu wa 109, ndipo NVDA 2024.1 siyikika pamenepo. Woona atha kulimbana ndi tsamba la intaneti losokonekera poyang'ana pobaya. Wosaona, NVDA yake yakale ikalephera kutchula batani, ulendo wathera pomwepo.

Za m'kati mwa makina, mawu ofunika ndi atatu. RAM ndi malo amene kompyuta imagwirirapo ntchito pakali pano. SSD ndi chosungira chopanda mbale yozungulira, chachangu kuposa hadi disiki. TPM ndi kachipangizo ka chitetezo. Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4 GB, malo osungira 64 GB ndi TPM 2.0, ndipo imakana mapurosesa ambiri a Intel otuluka 2017 isanafike. Komabe laputopu yakale ikapatsidwa SSD ndi RAM ya 8 GB imasinthiratu. Kusinthako wosaona amakumva m'zala: akadina muvi, liwu limayankha nthawi yomweyo, osati kudikira kenako n'kutulutsa mizere itatu pakamodzi iye atasochera kale.

Pali kusiyananso pakati pa kukweza ndi kufufuta. Kukweza kumasunga mafayilo ndi mapulogalamu. Kufufuta kumasesa zonse n'kuyamba mwatsopano. Ku Macanga, dziko la fodya, mwambi uja amaudziwa: fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Musanafufute Windows imene ikulankhula, koperani mafayilo, ndipo pangani NVDA yoyenda pa fulashi, imene imanyamula makonzedwe onse a mwini wake ndi kugwira ntchito popanda kuiika. Batire likhale lodzaza, chifukwa magetsi akathima pakati pa ntchito makina atha kukana kuyaka. Fayilo ya Windows 11 imapitirira 5 GB. Poikopera ndi bandulo ya Movitel kapena Vodacom, kuli bwino kuikopera kamodzi n'kuisunga pa fulashi kuti ithandize ambiri.

Gawo loopsa ndi pamene kompyuta ili zii. BIOS, malo osankhira kuti makina ayambire pa fulashi, salankhula, ndipo pamenepo pokha m'pamene maso a wina amafunikadi. Kuika Windows 10 kapena 11 kukangoyamba, Ctrl, Windows ndi Enter zikadinidwa pamodzi Narrator imadzuka, mwini wake n'kupitiriza yekha. Ikapanda kumveka, kawirikawiri vuto ndi draiva, kapulogalamu kolumikiza Windows ndi sipika. Mahedifoni a USB amapulumutsa, chifukwa ambiri amagwira osafuna draiva wapadera. Pofunsidwa mtundu wa kiyibodi, musankhe umene zala zinazolowera: pa ya Chipwitikizi, batani lotsatira L limalemba ç, pa ya Chingerezi limalemba chizindikiro china.

Makina okanidwa ndi Windows 11 sanathe ntchito. Linux ndi yaulere, yopepuka, ndipo ili ndi pulogalamu yowerenga yotchedwa Orca. Poika Debian, mtundu wina wa Linux, kudina S kenako Enter kumayambitsa liwu. Koma mabatani a Orca ndi osiyana ndi a NVDA, ndipo munthu amene waloweza ake kwa zaka ayenera kufunsidwa asanamusinthire. Iye ndiye mwini chigamulo.

Bungwe la anthu osaona ku Mozambique, ACAMO, likulu lake lili ku Beira, kutali ndi mapiri a Tsangano. Palibe amene anganyamule laputopu ulendo wonsewo chifukwa cha draiva mmodzi. Luso limeneli liyenera kukhala kwa okonza a m'misika yathu ndi aphunzitsi a m'sukulu zathu. Kuliphunzira sikulira ndalama: ikani NVDA pa kompyuta yanu, phimbani sikirini, yesani kulemba kalata ndi kuitumiza. Ndipo tsiku lokweza kompyuta ya munthu wosaona, m'patseni mpando wa pa kiyibodi, inu mukhale pambali, kuti ulendo wina adzachite yekha ndi kuphunzitsa anzake.