Dzaleka: Ndende Itasanduka Sukulu ya Mapulogalamu

M'mapiri a Dowa muli Dzaleka, yomwe inali ndende ya andale m'nthawi ya Kamuzu isanasanduke msasa wa othawa kwawo mu 1994. Kumeneko Remy Gakwaya wa ku Burundi anayambitsa TakenoLAB, n'kumaphunzitsa achinyamata kulemba mapulogalamu makompyuta akusowa, ena akuzoloweretsa zala pa keyboard yosindikiza papepala. Mbiriyi ikusonyeza kuti lusoli limakhwimira m'manja. Ena adzati digiri ya ku yunivesite ya ku Zomba kapena ya MUBAS imamanga maziko a masamu ndi kaganizidwe, ndipo sakunama. Koma wolemba ntchito ku Lilongwe amafuna kuona pulogalamu imene mnyamata anapanga yekha ikuyenda bwino, chomwe mayeso a cholembera ndi pepala satha kuchiyesa.