Horace Pippin: msilikali amene adajambula ndi mkono wolumala

Horace Pippin adali munthu wakuda wa ku America amene adapita kunkhondo yoyamba ya dziko lonse ali walunga, n'kubwerako mkono wamanja utalumala ndi chipolopolo. Ndi mkono womwewo adajambula zithunzi pafupifupi 140, ndipo zambiri mwa izo lero zimasungidwa m'nyumba zikuluzikulu zoonetseramo zaluso m'dzikolo.

Adabadwa pa 22 February 1888 m'tauni ya West Chester, m'chigawo cha Pennsylvania, koma adakulira ku Goshen, m'chigawo cha New York. Sukulu adailekeza akadali mnyamata kuti asamale amayi ake omwe ankadwala, ndipo adagwira ntchito zosiyanasiyana: kusenza malasha, kunyamula katundu wa alendo pahotela, kusungunula zitsulo. Kujambula ankakukonda kuyambira ali mwana, kungoti umphawi sudampatse mpata.

Mu 1917 adalowa m'gulu la asilikali akuda lomwe pambuyo pake lidatchedwa 369th Infantry Regiment, ndipo lidatchuka ndi dzina loti Harlem Hellfighters. Chifukwa cha tsankho, akuluakulu a nkhondo a America adapereka gululi kwa Afalansa kuti lizimenya nkhondo pansi pa ulamuliro wawo. Lidakhala masiku 191 pamalo omenyanirana, ndipo dziko la France lidalilemekeza ndi mendulo ya Croix de Guerre. M'miyezi yomaliza ya nkhondoyo, mu 1918, msilikali wa Germany yemwe adabisala adamuwombera Pippin paphewa lamanja. Adatuluka usilikali mu 1919, mkono osatha kuukweza.

Atakwatira mu 1920 adabwerera ku West Chester, komwe banjalo linkadalira kandalama ka penshoni ndi zimene mkazi wake ankapeza pochapira anthu zovala. Kumeneko adayamba kulemba zithunzi ndi makala pa timabokosi ta fodya, cholinga chili cholimbitsa mkonowo. Kenako adapeza njira ina: ankatentha chitsulo pamoto mpaka chifiire, n'kuchigwira ndi dzanja lamanja, uku lamanzere likusuntha thabwa kuti motowo ulembe mizere. Atayamba kugwiritsa ntchito utoto, dzanja lamanzere ndilo linkachirikiza lamanja pamfundo, n'kumaliyendetsa pang'onopang'ono.

Chithunzi chake choyamba cha utoto, The End of the War: Starting Home, chidamutengera zaka zitatu, kuyambira 1930 mpaka 1933. Chikuonetsa asilikali a Germany akukweza manja pamaso pa asilikali akuda, pakati pa waya waminga ndi ndege zikugwa. Pankhope za opambanawo palibe chisangalalo. Utoto adaupaka mobwerezabwereza mpaka udakhuthala, ndipo pafelemu adaikapo tizithunzi tosema ta mfuti, mabomba ndi zipewa zachitsulo. Wochiona amazindikira kuti adachijambula munthu amene nkhondo idali isadamuchoke m'mutu.

Mwayi udamugwera mu 1937, pomwe zithunzi zake zidaonetsedwa pachionetsero cha kwawo komweko, n'kukopa wolemba za luso Christian Brinton ndi wojambula N. C. Wyeth. Chaka chotsatira, Museum of Modern Art ya ku New York idaonetsa zithunzi zake zinayi, ndipo pofika 1940 anthu olemera monga Albert Barnes adali atayamba kumugula. Akatswiri a nthawiyo ankakonda kumutcha wojambula wosaphunzira, ngati kuti luso lake lidangomugwera. Mawuwo amabisa zaka zimene adatha akudziphunzitsa yekha usiku, pansi pa babu limodzi.

Sadajambule nkhondo yokha. Domino Players, cha 1943, chikuonetsa amayi ndi mwana m'kanyumba kaumphawi, makoma ali ming'alu, mbaula ikuyaka. Koma chaka chomwecho adajambulanso Mr. Prejudice, momwe mzungu akukhoma mphero pachilembo cha V, chizindikiro cha kupambana nkhondo, n'kuchigawa pakati, asilikali akuda mbali iyi, azungu mbali inayo, munthu wovala mkanjo wa Ku Klux Klan akuyang'ana. Zithunzi zitatu za Holy Mountain zidachokera pa ulosi wa Yesaya wonena za zilombo zogona pamodzi ndi nkhosa. Kutsogolo kuli mtendere, koma mukayang'anitsitsa m'nkhalango yakumbuyo muona asilikali ndi mitanda ya manda. Pachoyamba adalembapo deti la 6 June 1944, tsiku limene asilikali a mayiko ogwirizana adafika ku Normandy, ndipo pachachitatu 9 August 1945, tsiku limene bomba lidagwa pa Nagasaki.

Boma la America lidampatsa mendulo ya Purple Heart, ya asilikali ovulala kunkhondo, mu 1945, patatha zaka 27 chivulalireni. Adamwalira pa 6 July 1946 ali ndi zaka 58, ndipo mkazi wake, yemwe adali m'chipatala cha odwala maganizo, adatsatira patangopita masabata awiri. Makope amene adalembamo za moyo wake kunkhondo, limodzi lokhala ndi zojambula zake, amasungidwa ku Smithsonian, mumzinda wa Washington.