MAGETSI: ULENDO WA MPHAMVU YA MADZI KUCOKERA KU MIGODI KUFIKA KUM'MAWA

Munthu akayatsa nyali ya magetsi, saganiza za mtsinje. Komatu mphamvu imene iwala m'nyumba zambiri za m'Zambia ndiyo mphamvu ya madzi akugwa. Madziwo atsika m'mipope, nazunguza mapiko a makina. Makinawo azunguza cigwinjiri ca magineti pakati pa mawaya a mkuwa, ndipo magetsi abadwa. Waya sapanga kanthu: nchito yace ndiyo kunyamula cabe.

Pali miyeso iwiri yoyenera kuidziwa. Ukali wa magetsi pa nthawi imodzi uyesedwa ndi mawati, koma magetsi amene atha pogwira nchito ayesedwa ndi mayuniti. Nyali ya mawati 100 ikayaka maora 10, yadya yuniti imodzi, ndipo yunitiyo ndiyo imene munthu alipira.

M'dziko lino magetsi anatsata miyala ya pansi pa nthaka. M'caka ca 1925 dziwe la Mulungushi linatsegulidwa kuti lipatse mphamvu mgodi wa Broken Hill, kumene lero kuchedwa Kabwe. Migodi ya mkuwa inayamba ndi moto wa malasha ocokera ku Wankie, ndipo malasha atacepa nkhalango zambiri zinagwetsedwa kuti nkhuni zilowe m'ng'anjo. Anthu a m'migodi adziwa cifukwa cace ca njala yotere: magetsi ndiwo atsitsa cikepe, apopa madzi, nakankhira mpweya pansi. Akazima, moyo wa amuna ali m'dzenje ukhala pa ngozi.

Tsono m'caka ca 1955 nchito inayambika pa Kariba. Khoma lotalika mapazi 420 linatseka Zambezi, ndipo mu 1960 Amai a Mfumukazi ya ku England anatsegula malowo. Mtengo wace sunali wa ndalama zokha. Anchito 86 anafera pomwepo, ndipo Atonga okwana ngati 57,000 anasamutsidwa, nasiya minda ndi manda a makolo ao pansi pa madzi.

Nanga kum'mawa? Kumeneko kunalibe mgodi waukulu woitana mawaya. Amuna a ku Chiparamba ndi midzi ina yozungulira Fort Jameson anapita kukakumba mkuwa pansi pa nyali zowala, koma pobwerera kwao anapeza koloboyi ndi muuni wa udzu. Magetsi oyamba kulowa m'midzi yambiri anabwera m'batire la wailesi ya Saucepan, imene inayamba kugulitsidwa mu 1949.

Mphamvu ya madzi inafika ku Chipata kucokera ku mtsinje wa Lusiwasi, m'boma la Serenje, pa waya wodutsa cigwa ca Luangwa ndi kupyola pa Msoro. Malowo anali ang'ono, a mamegawati 12 okha, ndipo tauni itakula nyali zinayamba kufooka. Patapita zaka zoposa 40, waya wamkulu wa mavoti 330,000 unamangidwa kucokera ku Pensulo. Bungwe lofikitsa magetsi kumidzi linakhazikitsidwa mu 2003.

Cilala ca 1992, ndi cinanso ca 2024, cinakumbutsa anthu gwero la zonsezi. Madzi a Kariba atatsika, zigayo zinaima, owocherera zitsulo anakhala manja lende, ndipo ana anawerenga ndi kandulo. Mlimi wa ku Chiparamba ndi wanchito wa ku Nchanga apenya mtambo umodzimodzi: mvula imene imeretsa cimanga ndiyo iyatsanso nyali ya pansi pa mgodi.